Nkhalango Imene Ndinakana Kuitchula

Tamandani, Chisomo ndi iwe Yamikani, mutu uno muuwerenge mutakhala pansi, foni mutaika kutali. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene m'buku lalikulu la zithunzi za mitengo lija, limene limakhala m'kabati ya amayi anu, mulibe dzina langa ngakhale pa tsamba limodzi, chonsecho ine ndimati zithunzi za pakati pa bukulo ndinajambula ndine. Yamikani anafika pondiseka kuti mwina adadi anangolitola kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Chabwino, seka. Za ubwana wanga ku Ntcheu zilibe ntchito pano, ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa.

Chaka chimene ndinafika ku Kawale

Ntchito yanga yoyamba inali pa situdiyo ya a Yusufu, kachipinda kamodzi kuseri kwa msika wa Kawale. Tinkajambula zithunzi za pasipoti, maukwati, ndi anyamata ofuna kutumiza chithunzi kwa chibwenzi kumudzi atavala wotchi yobwereka. Miyezi yoyambirira kamera sindinaigwire n'komwe. Yanga inali yotsuka zithunzi m'chipinda cha mdima, zala zitada bii ndi mankhwala, kenaka kulemba. A Yusufu anali munthu wofatsa, koma pa nkhani ya kulemba analibe chibale. Negetivu iliyonse, kafilimu kamene chithunzi chimachokerapo kaja, inkalowa mu envulopu yakeyake, ndipo pa envulopupo unkayenera kulemba zonse: wajambulidwayo ndani, kuti, liti, dzuwa linali mbali iti. Ukaiwala chimodzi ankakuitana pamaso pa makasitomala. "A Mbewe," ankatero, "chithunzi chopanda malo ndi mwana wotayika pa depoti. Adzamudziwa ndani?" Ndinaphunzira bwino, mwina mopyola muyeso, moti dzanja langa linkayamba lokha kulemba chithunzi chisanaume.

Filimu masiku amenewo inali yosowa kwabasi. Tinkachita kupempha madalaivala a malole ochokera ku Joni kuti atibweretsere, ndiye ikafika tinkaisunga mu mtsuko pakona pozizira kuti kutentha kusaiononge. Mpukutu umodzi unali wa zithunzi khumi ndi ziwiri basi. Inu a masiku ano mumajambula mbale ya chipisi kakhumi musanadye. Ife usanadine kamera unkayamba wapuma, n'kuyang'ana, n'kuyang'ananso, chifukwa ukalakwitsa palibe chobweza.

Chaka chimene Tamandani anabadwa

Nditakwatira amayi anu ndinapeza ntchito ku kampani ina yosindikiza makalendala ndi mapositikhadi ku Kanengo, ndipo tinasamukira kuno ku Area 25, nthawi imeneyo kuseri kwa nyumba yathu kuli minda ya chimanga. Bwana wathu tinkawatcha a Mawam'mawa, chifukwa chilichonse ankachifuna mawa m'mawa, ngakhale chinthu chofuna mwezi. Sanali munthu woipa, ndinene poyera, koma ankakonda zinthu zooneka: nyumba zosanjikana, minda ya fodya yowongoka mizere, ndege ikutera. Tsiku lina ndinawapempha kuti kalendala ya chaka chotsatira ikhale ya mitengo yakale ya m'mapiri. Anandiyang'ana ngati ndapempha mwana wawo. "Mitengo, a Mbewe? Munthu akhome mtengo pakhoma pamene mtengo uli panja pa nyumba yake?" Ndinawayankha kuti mitengo imene ndikunenayo panja pa nyumba palibe, ndipo ambiri m'tauni muno adzafa osaiona. Anapukusa mutu, koma anandipatsa mipukutu iwiri ndi sabata imodzi.

Ndinakwera basi, kenaka lole ya fodya, kenaka wapansi. Dzina la phiri ndi la mudzi sindilemba, muona chifukwa chake. Kumeneko ndinakumana ndi a Faniwelo, wofula uchi, munthu wamfupi wa mapewa otambalala amene ming'oma yake ya njuchi inali m'mitengo ya m'kati mwenimweni mwa nkhalango. Anandiyang'ana nsapato zanga za mu ofesi n'kuseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo sanandiitanepo dzina langa, ndinali a Kamera basi. Anavomera kunditengera ku mbawa yaikulu imene agogo a agogo awo anaipeza ili kale yaikulu, koma tisananyamuke anaima pa njira n'kundiuza kuti: "A Kamera, wofula uchi satchula mtengo wake, ngakhale kwa mlamu wake. Mukajambule, koma ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Ine ndinati eya, eya, ndamva, mtima uli kale ku mtengo.

Koma abale, mbawa imeneyo! Tsinde lake amuna asanu ogwirana manja sakanalizungulira. Mizu inatuluka pansi n'kupanga makoma oti munthu n'kubisalamo mvula, khungwa lonse litakutidwa ndi ndere zobiriwira, zilambe zikulendewera kuchokera kumwamba kosaoneka. Pamenepo m'pamene ndinaphunzira kuti nkhalango siijambulidwa dzuwa lili paliwombo, chifukwa kuwala kumang'amba masamba n'kusiya mawangamawanga. Umadikira mvula ikangokata, nkhungu isanachoke, mphepo itagona. Kamera umaikhazika pa miyendo yake itatu, iwe n'kuima chilili osapuma mokweza. Ndinadikira masiku awiri chithunzi chimodzi. A Faniwelo anati sanaonepo munthu waulesi wolimbikira ngati ine.

Nditabwerera ku Kanengo ndinatsuka filimu n'kuona chimene chatuluka. Kenaka ndinatenga envulopu n'kulemba monga anandiphunzitsira a Yusufu: dzina la phiri, la mudzi, la mtsinje, ndi kuti munthu ayende maola awiri kuchokera pa mlatho wa mitengo, kutsata madzi chakumtunda, dzanja lamanzere. Wotchera zilembo za pa kalendala anangokopera zonsezo n'kuziika pansi pa chithunzi. Musamunene iyeyo ayi. Pepala loyesera anabwera nalo kwa ine, ndinawerenga, ndinakondwa, ndinasainira. M'mutu mwanga kalendala inali ya m'mabanki ndi m'maofesi a anthu ovala tayi, ndiye ndinkati mlomo sindinausiye, ndangolemba.

Patapita zaka ziwiri

Kalendala ija inatchuka. A Mawam'mawa anandigwira chanza pamaso pa antchito onse, ndipo dzina langa linali pa tsamba lililonse, chinthu chimene amayi anu ankaonetsa aliyense wobwera kudzapempha moto. Chimene sindinaganize n'chakuti kwathu kuno kalendala siitha ndi chaka. Disembala akatha, mesenjala wa mu ofesi amaitengera kwawo, mapepala ena amakutira makope a ana, ena amakhomedwa pa balaza, pa golosale, pa malo ometera, ndipo amakhala pamenepo mpaka atachita chikasu.

Loweruka lina ndinapita ku Mchesi kukaitanitsa kabedi ka Tamandani, amene anali atakula moti sakanagonanso pakati pathu. Mu shedi ya kalipentala wina ndinaona matabwa ofiira a mbawa atatsamira khoma, otambalala kuposa chitseko, thabwa limodzi lokwanira tebulo lonse popanda cholumikiza. Ndinawasisita n'kufunsa kuti mbawa yotere akuipeza kuti masiku ano. Kalipentalayo anaseka n'kuloza kukhoma ndi chibwano. Pamenepo, pakati pa utuchi ndi akangaude, panali tsamba la kalendala yanga. "Si uwu, bwana! Anyamata anga a sowo anangotenga pepala ngati ili m'thumba. Wolembayo Mulungu amudalitse, analongosola njira ngati akulozera kwawo. Miyezi itatu akucheka mtengo umodzi!" Sindinamuuze kuti ndine ndani. Ndinatuluka osaitanitsa bedi, ndinayenda wapansi kuchoka ku Mchesi mpaka m'tauni osadziwa kuti ndikuyenda.

Mwezi womwewo ndinapempha tchuthi n'kupita kuphiri kuja. A Faniwelo ndinawapeza akusema mng'oma pakhomo pawo. Anandipatsa moni, anaitanitsa madzi akumwa, sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandilalatira. Anangonyamuka n'kutsogola, ine pambuyo, mpaka tinafika pamalo paja. Pamene panali mdima wozizira panali dzuwa lowawa, dzenje la ocheka matabwa, mulu wa utuchi, ndi chitsa chachikulu ngati bwalo. Ndere zinali zitauma, timitengo ta pansi tonse titapsa ndi dzuwa, ndipo ming'oma yawo itatu inali itasweka pamene mtengo unagwera. "Njuchi zidathawa," anatero. Kenaka anandiyang'ana. "Kamera mwatenga? Jambulani. Mukalembenso pansi pake, anthu adziwe njira." Ana anga, ndakhalapo pa maliro ambiri, koma manyazi ndi chisoni cha tsiku limenelo sindinachimvenso kwina. Ndinalira, munthu wamkulu wa ndevu, pamaso pa mwamuna mnzanga.

Zaka zimene Chisomo anali ku pulaimale

Sindinasiye kupita kumeneko. Chaka chilichonse pa tchuthi ndinkanyamula mchere ndi sopo n'kukawaona a Faniwelo. Ankandilandira, tinkacheza za mvula ndi za njuchi, koma ndikangoyang'ana kuphiri ankasintha nkhani. Ku ntchito ndinkajambulabe mitengo ya malo ena odziwika kale, kumene alonda alipo, ndipo luso linkakula. Ndinaphunzira kugwada n'kujambula zing'onozing'ono zimene anthu amaponda: bowa womera pa chipika chowola, tsamba longophukira kumene lili lopiringizika ngati mchira wa bilimankhwe, dontho la mame pa ulusi wa kangaude. Madzi akasiya ku Kanengo, zithunzi ndinkadzatsukira kuno m'bafa, mazenera nditatseka ndi bulangeti, amayi anu akutunga madzi pa chitsime cha aneba uku akudandaula kuti anakwatiwa ndi munthu kapena ndi mleme.

Chaka chachisanu ndi chiwiri cha maulendo amenewa, a Faniwelo anandidzutsa m'mamawa n'kunena kuti: "Valani nsapato zenizeni." Sindinafunse. Tinayenda kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litapendeka, kukwera, kutsika, kuwoloka makhwawa, kukwawa pansi pa minga, mpaka miyendo yanga inayamba kulankhula. Kenaka tinapanikizika pakati pa miyala iwiri n'kutsikira m'chigwembe chobisika, ndipo ndinangoti kakasi. Mbawa ija ndinkaiyesa mfumu ya mitengo, koma muno munali akuluakulu ake, osati umodzi ayi, ambirimbiri, ataima m'mbali mwa kamtsinje kosaphwa. Pa nthambi zawo panamera maluwa oyera osakhudza dothi, mizu ili lende m'mwamba, akumwa nkhungu yokha. Panali zomera za masamba ngati nthenga, zotalika kuposa munthu. Pansi panali pofewa ngati matiresi, masamba a zaka zosawerengeka atawunjikana, ndipo fungo lake ndimalimvabe mvula yoyamba ikagwa. Nkhwangwa inali isanalirepo m'menemo chilengedwere.

"Amakala afika kuseri kwa phirili," anatero a Faniwelo. "Ine ndikukalamba. Ndikufuna wina adzachitire umboni kuti zoterezi zidaliko. Koma a Kamera, ulendo uno..." Sanamalize, ndipo panalibe chifukwa choti amalize. Tinakhala masiku atatu, tikudya mbatata yootcha ndi uchi. Ndinajambula zithunzi makumi awiri ndi zinayi, ndipo ndikunena mosadzichepetsa kuti pa moyo wanga wonse sindinajambulenso zoposa zimenezo, ndipo sindinaonepo wina m'dziko muno amene anazipambana. Pobwerera ku Kanengo ndinaika negetivu iliyonse mu envulopu yake. Dzanja linkayabwa kufuna cholembera, ndinachita kulikhalira. Maenvulopu onse analowa m'kabati ali oyera.

Chaka chomwecho, nyengo ya masika

A Mawam'mawa atawona zithunzizo anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. Nthawi imeneyo kampani inali itapeza kasitomala wamkulu, munthu wa mahotela amene ankafuna buku la zithunzi za nkhalango za dziko lino loti alendo ake azigula. Zithunzi zanga zinamufika pamtima moti anati zikhale pakati pa bukulo, dzina langa likhale pachikuto, ndipo iye alambule msewu wopita kumaloko kuti azitengerako alendo. Bwana anandiitana mu ofesi, anandipatsa mpando, anaitanitsa tiyi, zinthu zimene zinali zisanachitikepo. Anati mkulu wa gawo la zithunzi akupuma, mpandowo ndi wanga, pamodzi ndi nyumba ya kampani ku Area 47. Kenaka anakankhira envulopu imodzi kwa ine pamodzi ndi cholembera. "Mwaiwala kulemba malo, a Mbewe. Inu simuiwala. Ndikuzifuna mawa m'mawa."

Ndinati, "Bwana, sindinaiwale." Ndinawafotokozera za mbawa ija, za Mchesi, za chitsa. Anamvetsera ndithu, ndipo zimene anayankha sizinali zopusa. Anati alendo akamapita kumeneko malowo adzakhala ndi mwini, padzakhala alonda, anthu a m'mudzi adzapeza ntchito, pamene ndikabisa, amakala adzawapezabe tsiku lina popanda wowaletsa. Ndinawayankha kuti msewu sufunsa amene akuyendapo, umene wanyamula mzungu wa kamera masana ndi womwewo udzanyamule lole ya matabwa mawa lake. Ndipo ngakhale iwo atakhala kuti akunena zoona, malowo si anga oti ndigawe, ndinachita kuonetsedwa ndi munthu amene ndinamulakwira kale kamodzi. Tiyi anazizira pa tebulo. Anandiuza kuti ndikagonere nkhaniyo.

Madzulo ake ndinawauza amayi anu tikusenda mtedza pakhonde. Musaganize kuti anaomba m'manja. Nthawi imeneyo denga lathu linkadontha, inu atatu mukugona chipinda chimodzi, ndipo Area 47 anali maloto a mayi aliyense wa mu Area 25. Anangoti: "Abambo a Tamandani, bwanji osangolemba phiri lina? Mapiri ndi ambiri. Akafufuze, akatope, ife tili m'nyumba." Ndinaseka, koma ndikuuzeni zoona, nzeru imeneyo inandikoka. Ndinaiganizira mpaka mtedza unatha m'lichero. Koma phiri lililonse lili ndi a Faniwelo ake ndi mitengo yake, ndiye ndikanangotumiza sowo kwa munthu wina wosalakwa. Komanso bodza lotero likanaululika pa ulendo woyamba, ine n'kutsala wopanda nyumba ndi wopanda ulemu womwe. Nditawauza zimenezi, amayi anu anakutumula chitenje chawo n'kuimirira. "Chitani zimene mwaganizazo. Koma dengali mukwerepo nokha Loweruka, ine ndatopa kutchera mabeseni." Anakwiya sabata yathunthu, ndipo anali ndi chifukwa.

M'mawa mwake ndinabweza envulopu ili yoyera. A Mawam'mawa sanakalipe. Anati filimu inali ya kampani, choncho zithunzi ndi za kampani, ndipo zilowa m'buku ndithu. Kenaka ananena mawu amene anandilasa kuposa za nyumba zija: "Ngati malowo alibe dzina, wojambulanso alibe dzina." Bukulo linatuluka, lokongola, la chikuto cholimba. Zithunzi za anzanga zili ndi maina awo pansi. Zanga khumi ndi ziwiri za pakati zilibe kanthu, pansi pake ndi poyera. Mpando uja anapatsidwa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira kamera, ine ananditumiza ku gawo la malonda, kumene ndinajambula sopo, mabotolo a mafuta ophikira ndi mapaketi a tiyi mpaka tsiku lopuma. Ndipo ndinkawajambula bwino, musakaike, sopo wanga ankaoneka ngati ungamudye.

Zinkawawa, sindinama. Tsiku lina ndinalowa mu hotela ina m'tauni kukajambula ukwati wa mwana wa mnzanga wa ku tchalitchi, ndinapeza chithunzi changa cha maluwa a pa nthambi aja chitakulitsidwa, chili pakhoma lonse la polandirira alendo. Mtsikana wa pa kauntala ataona ndikuchiyang'anitsitsa anati: "N'chokongola eti, adadi? Anajambula mzungu wina wa ku Ulaya." Ndikanati ndine, funso lotsatira likanakhala lakuti ndi kuti. Ndinangoti, "Mzunguyo ankaidziwa ntchito yake," n'kupita kukajambula akwati.

Chaka chachiwiri nditapuma pa ntchito

Chinthu chimodzi chinkandidya m'kati zaka zonsezo: kodi zimene ndinakanira zija zilipo? Mwina ndinataya dzina ndi nyumba chifukwa cha mitengo imene inasanduka makala kalekale, mwinanso makala omwe amadutsa pa njinga pa msewu wathuwu m'mawa uliwonse. Ntchito ya sopo inalibe maulendo, sukulu zanu zinandimanga miyendo, ndipo panapita zaka zambiri osapondako. Nditapuma, ndinauza amayi anu kuti ndikupita. Anati ndi mawondo amenewo? Ndinati ndi omwewa. Anandiikira mankhwala a BP m'thumba la jekete n'kundiperekeza mpaka pa siteji ya minibasi.

Zimene ndinaona m'njira zinandifoola. Mapiri amene ndinkawadziwa ali bii ndi mitengo anali mbee, ometedwa mpala, utsi wa mauvuni a makala ukufuka uku ndi uku. A Faniwelo ndinawapeza ali pa mphasa pakhonde, maso atachita khungu, miyendo itatupa. Anandizindikira mawu. "A Kamera! Mukadali moyo? Nsapato mwavala zotani?" Ming'oma anali atasiyira mwana wawo wamkazi, Nachisale, mayi wa ana anayi, amene tsiku limenelo anali atapita ku maliro mudzi wina. Ine ndi kudzikuza kwanga ndinati palibe vuto, njira ndikuidziwa, ndipita ndekha. A Faniwelo anangoti, "Pitani bwino," akumwetulira, ndipo ine sindinafunse kuti akumwetuliranji. Safunsa anadya phula.

Ndinazungulira phiri limenelo tsiku lathunthu. Khwawa lililonse linkafanana ndi linzake. Ndinakwera, ndinatsika, ndinang'amba buluku pa minga, ndinagwa kawiri. Miyala iwiri ija sindinaipeze. Ndinkangokumana ndi zitsa ndi maenje a makala, mpaka ndinakhala pa mwala n'kuvomereza mumtima kuti basi, chigwembe chija chinapita, mwina ndadutsamo kale osachizindikira chifukwa chatsala chipululu. Ndinabwerera kumudzi dzuwa likulowa, ndikutsimphina. Ndinadzigwetsa pa mphasa n'kunena kuti: "A Faniwelo, zatha. Palibe chatsala. Ndinavutika chabe."

Mkuluyo anaseka mpaka misozi, akumenya mphasa ndi dzanja. Nachisale anali atabwera, nayenso ankabisa kuseka ndi nsonga ya chitenje. "A Kamera, a Kamera! Mumafuna kumpoto chinthu chili kumwera. Tsiku lija ndidakuzungulitsani dala. Ndidakukwezani mapiri awiri opanda ntchito kuti mutu uzungulire. Munthu woti adandipweteka kamodzi ndikadamuonetsa njira yeniyeni?" Ndinakwiya, ndithu ndinakwiya. Ndinati ndiye kuti ndinataya dzina langa, nyumba ya ana anga, kubisa njira imene sindinkaidziwa n'komwe? Anasiya kuseka. Anafufuza dzanja langa ndi lawo mpaka analigwira.

"Njira simunkaidziwa, koma dzina la phiri munkalidziwa, la mudzi uno munkalidziwa, langa munkalidziwa. Mukadatchula chimodzi chokha, akadabwera ndi galimoto pakhomo pano, ndipo m'mudzi muno sakadasowa wowalozera. Chaka chilichonse ndinkakhala pano kudikira mlendo wonyamula pepala. Mvula idagwa, idakata, idagwanso. Mpaka maso adazima, palibe adabwera." Anatembenukira kumene kunali mwana wawo. "Nachisale, mawa uwatenge a Mbewe. Uwadutsitse yowongoka."

Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa. M'mawa mwake tinanyamuka ndi Nachisale, iye patsogolo ndi chikwanje, ine pambuyo ndi ndodo ya bambo ake. Tinadutsa kuseri kwa dimba lawo lomwe, ndipo ola lisanakwane tinali titapanikizika pakati pa miyala iwiri ija.

Mitengo ija ilipo, ana anga. Yonse.